Tayala la Kumbuyo

1

Kumene ndimakhala amanditchula kuti a Sipanala. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukonza njinga zamoto m'kagalaja kanga ka chitseko chimodzi, ndipo mpaka chaka chatha ndinkayenda mumsewu mwathu chifuwa chili patsogolo. Lero munthu akandiitana ndi dzina limenelo ndimayamba ndamuyang'ana pakamwa kuti ndione ngati sakundiseka. Ndalemba nkhaniyi chifukwa manyazi andikwana, ndipo ndatopa kuwasenza ndekha.

Njinga zimene ndimazidziwa bwino si izi zonyamula anthu ayi. Ndi zija za mpikisano wokwera miyala. Zilibe pokhala, wokwera amaimirira ulendo wonse. Sapikisana liwiro. Amakwera mathanthwe, zipika ndi zitunda, ndipo woweruza amangoyang'ana phazi basi. Ukaponda pansi, wadya chilango. Wopambana ndi amene waponda pansi kochepa kuposa anzake.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, choncho anakulira m'galaja, pakati pa girizi ndi matcheni. Ndinamutcha Kambuzi chifukwa paliponse pokwereka, ukamufuna unkamupeza pamwamba. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankatha kuima panjinga injini itazima, osaponda pansi, mpaka tiyi wanga kuzizira. Pofika zaka makumi awiri ankaliza amuna a ndevu zawo.

Ine ndinali makaniko wake, ndinalinso wowakha wake. Wowakha ndi munthu amene amaima pamwamba pa mwala wovuta, kuti wokwera akalephera agwire njinga isamugwere. Zaka khumi ndinaima pamiyala imeneyo ndikukuwa, "Tsopano, Kambuzi! Tsopano!" Panalibe tsiku limene anakwera ine palibe.

Kenako anakwatiwa.

2

Mkamwini wanga ndi munthu wofatsa, wovala magalasi, ndipo za makina anachita kuphunzira kusukulu. M'thumba mwake simunkasowa kabuku. Akathira oilo, kulemba. Akamanga tcheni, kulemba. Ndinamutcha Kabuku, iye n'kumangomwetulira, ndipo kumwetulirako n'kumene kunkandinyansa kwambiri.

Tsiku lina Kambuzi analowa m'galaja, nakhala pa chigubu cha oilo, n'kuyamba kuseweretsa nati m'manja. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Ababa, chaka chino andiwakhe ndi amuna anga."

"Chifukwa?"

"Msana wanu uja. Mwezi watha munagona masiku atatu osadzuka."

"Msana ndi wanga. Wabwera kudzadandaula kwa iwe?"

"Njinga ikakugwerani pamwala ndidzatani ine? Ndatsala ndi kholo limodzi."

"Chabwino. Nanga zokonza?"

Anayang'ana nati ija. "Azikonzanso ndi iwo. Inu muzingotiyang'anira."

Kuyang'anira! Amenewo ndi mawu amene amauza nkhalamba akafuna kuti ikakhale pampando. Ndinaseka, ndikuti zili bwino mwana wanga, ndipumeko. Atatuluka ndinaponya sipanala kukhoma mpaka inasiya chibowo chimene chilipobe.

Chikanakhala kuti mnyamatayo anali mbuli, mwina mtima wanga ukanazizira. Koma ayi, ntchito ankaidziwa. Kilatchi ya njinga ya Kambuzi inandivuta zaka ziwiri, inkakoka ikatentha. Iye anaimasula Loweruka limodzi, nasintha mtundu wa oilo, vuto n'kutheratu. Kambuzi anapambana mipikisano itatu yotsatizana. Anzanga ankandimenya paphewa n'kumati, "Koma a Sipanala mwatola mkamwini!" Ine ndinkaseka ndi mano okha.

Kumipikisano ntchito yanga inasanduka yonyamula botolo la madzi.

3

Mpikisano waukulu wa chaka unachitikira kumalo amene kale ankaphwanyirako miyala. Ndisanapitirire ndikufotokozereni za tayala, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tayala la kumbuyo la njinga zimenezi limafunika likhale lofewa kwambiri kuti lizikumbatira mwala. Pa geji yoyezera mpweya timaika pa nambala folo basi, pamene njinga wamba zimayenda pa sate. Likalimba, limangodumpha ngati mpira, osagwira.

M'mawa umenewo Kabuku anaveka tayala latsopano. Tayala latsopano umayamba walipopa kwambiri mpaka likhale bwino pa limu, kenako n'kuchotsa mpweya kufika pa folo. Anthu ambiri anamuona akupopa. Ali mkati mochotsa mpweya, kunamveka kuitana kuti okwera ndi owakha awo apite akayendere njira wapansi, monga amachitira nthawi zonse asanayambe. Patapita kanthawi kochepa Kabuku anavala magalasi bwino, nalemba m'kabuku kake, n'kuthamangira mkazi wake.

Aliyense amene anandifunsa pambuyo pake kuti nthawi imeneyo ndinali kuti, ndinamuuza kuti ndinapita kukagula tiyi.

Atabwerako, okonza mpikisano analengeza zosintha. Kamtsinje ka kugawo loyamba kanali katadzaza ndi mvula ya dzulo lake, choncho anati tiyambire kumapeto. Kumapetoko kunali thanthwe limene okwera amalitcha Khoma, lotalika kuposa munthu ataimika manja, ndipo linali pafupi penipeni ndi pamene tinaimika njinga. Woyamba kuitanidwa anali Kambuzi.

Ndinadzuka, botolo lili m'manja, koma iye anali atavala kale chipewa. Kabuku anali pamwamba pa Khoma, miyendo atatangadza, manja atatambasula.

"Tsopano!" anakuwa.

Injini inalira, tayala la kutsogolo linanyamuka bwinobwino. La kumbuyo litamenya mwala, m'malo mogwira linadumpha. Njinga inaima chilili m'mwamba. Kabuku anadziponya chafufumimba, zala zake zinakhudza tayala la kutsogolo, koma linapulumuka. Mwana wanga anagwa chagada, njinga n'kumugwera pabondo. Kulira kwake sindidzakuiwala.

Anthu anathamangira kwa iye. Atamunyamula pa machira, mkulu wina wa oweruza anaponda tayala lija ndi nsapato, nati, "Aa, tayalali bwanji lalimba chonchi?" Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine katswiri. Ndinatulutsa geji yanga m'thumba, ndinagwada, n'kuyeza. Ndikanatha kungokhala chete. Koma ndinakweza mawu kuti aliyense amve.

"Thwelofu!"

Maso onse anapita kwa Kabuku. Iye anapukusa mutu. "Ndinaika folo. Ndalemba, onani."

"Kabuku kako kakwera mwala?" ndinatero ine. "Unapopa tayala, anakuitana, unathamanga usanamalize kuchotsa mpweya. Wapha mwana wanga iwe!"

4

Adokotala anati bondo lasweka pawiri ndipo mitsempha yaduka. Za kukwera njinga anati tisayambe taganiza. Kambuzi anatembenukira kukhoma, osalira.

Nyumba yawo ili pamwamba, pokwera masitepe, ndiye atatuluka m'chipatala ndinati abwere kwathu milungu ingapo. Ndinamuyalira m'chipinda chake chakale. Kabuku ankabwera tsiku lililonse akaweruka kuntchito, atanyamula zipatso, n'kukhala pampando wa pafupi ndi bedi. Ine ndinkakhala pakhonde, zenera lili lotsekula.

"Sindikukuimbani mlandu wolakwitsa," ankatero Kambuzi. "Munthu amaiwala. Ingonenani kuti munaiwala, nkhani ithe."

"Sindinaiwale. Ndinayeza kawiri."

"Ndiye mpweyawo unalowa wokha?"

"Sindikudziwa."

"Mwendo wanga wapita, inu mukuteteza kabuku?"

"Ndivomere chinthu chimene sindinachite?"

Nkhani inali imeneyo, lero, mawa, mkuja. Akachoka, ine ndinkalowa ndi tiyi n'kuthira mafuta pamoto. "Usadabwe mwana wanga. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Anthu a sukuluwa kupepesa amakuona ngati imfa."

Milungu ingapo ija inasanduka miyezi inayi. Zipatso zinayamba kuwolera m'mbale. Kenako Kambuzi anayamba kunamizira tulo mwamuna wake akabwera. Tsiku lina ndikumuthandiza kuyenda ndi ndodo zake pabwalo, anaima, nati, "Ababa, munthu amene sangavomere tayala, adzavomera chiyani m'banja? Ndikuganiza zoti ukwatiwu uthe."

Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi koposa. Ndinamva kukoma. Mwana wanga anali wolumala, banja lake likugwa, koma m'nyumba mwanga munkamvekanso mawu oti "Ababa, ababa" kuyambira m'mawa. Ndinamuyankha kuti asafulumire, aganize bwino, koma ndinanena mwa ulesi kuti aone kuti sindikutsutsa.

5

Lolemba lina masana ndili chigonere pansi pa njinga ya kasitomala, ndinaona nsapato zitaima pakhomo la galaja. Anali Kabuku. Anali ataonda mpaka kolala ya shati inkamuzungulira.

"Bambo, muli ndi kanthawi?"

"Ukuona ndili pantchito."

Anatseka chitseko, nagwada pafupi nane, n'kundionetsa foni. "Pali mayi wina amene amakonda kujambula njinga zikaimikidwa. Dzulo ndi pamene anaona bwino zimene anajambula tsiku lija, ndiye wanditumizira."

Kanemayo anali wa mphindi imodzi. Njinga zili pamzere, anthu kulibe, onse apita kukayendera njira. Kumapeto kwa mzere, munthu wa imvi, wovala ovolosi ya buluu, wagwada kumbuyo kwa njinga ya Kambuzi. Wacheuka uku, wacheuka uku. Wasolola pampu yamanja m'thumba la ovolosi. Wayamba kupopa.

Ovolosi imeneyo ndi imene ndinali nditavala nthawi yomweyo.

Inde, owerenga, ndinali ine. Tiyi sindinagule. Ndinapopa tayala la mwana wanga ndi manja angawa. Sindinafune kuti avulale, Mulungu ndi mboni, ngakhale mawu amenewa sachiritsa bondo. Gawo loyamba linali la zipika zazifupi m'mbali mwa kamtsinje, pamene munthu akalephera amangoponda pansi. Ndinkati aterereka kawiri katatu, adabwa, ndiye ine ndifika, ndidina tayala ndi chala, ndichotsa mpweya anthu akuona, n'kunena kuti, "Zinthu izi zimafuna akuluakulu." Ndinkangofuna kuti anditembenukire n'kunena kuti ababa, bwererani. Za kuti angayambire pa Khoma sindinaziganizeko. Ndipo atalengeza, ndinali ndi nthawi yokuwa kuti aime. Ndinaopa kufunsidwa kuti ndadziwa bwanji.

Kabuku anabweza foni m'thumba.

"Mkazi wanga sindinamuonetse," anatero. "Mayi alibe. Akaona izi, bambonso alibe. Akapanda kuona, mwamuna alibe. Ine ndalephera kusankha, bambo. Musankhe ndinu. Ndibwera Lamulungu."

Sanatukwane, sanakweze mawu. Potuluka anandichotsera waya amene akanandikola mwendo.

6

Mukuganiza kuti ndinathamangira kunyumba kukaulula? Ayi ndithu. Lolemba lomwelo ndinati ndidikire adye kaye. Lachiwiri bondo linkamupweteka, ndinati si tsiku labwino. Lachitatu ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chake, iye n'kundimwetulira, "Ababa, mwandibweretsera chiyani?" Ndinabwerera kukatenga nthochi. Lachisanu ndinayamba kudziuza kuti mwina mnyamatayo sabwera, mwina angochoka mwakachetechete. Ndinafika pomupempherera kuti apeze ntchito kutali.

Lamulungu masana anabwera, atavala shati yoyera. Tinakhala pabalaza atatu, Kambuzi mwendo atautambasulira pa kampando. Kabuku anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kapeti. Anadikira, anadikirabe, kenako anapuma mozama n'kutembenukira kwa mkazi wake.

"Ndabwera kudzavomera. Ndinaiwala kumaliza kuchotsa mpweya. M'kabuku ndinangolemba folo mwa chizolowezi. Undikhululukire."

Mtima wanga unati myaa. Ndinaganiza kuti basi zatha, apepesana, ine ndapulumuka. Taonani mtundu wa munthu amene ndinali.

Kambuzi atayankhula, mawu ake anali ozizira.

"Miyezi inayi. Miyezi inayi mwakhala pafupi ndi bedi langa, kundiyang'ana m'maso, n'kumati munayeza kawiri. Ndinafika podzifunsa ngati ndapenga ndine. Ndinalira ndekha kuti mwina ndikuzunza munthu wosalakwa. Kani mumadziwa?"

"Ndinkaopa."

"Mukananena tsiku loyamba, bwenzi pano tili kwathu. Bodza la miyezi inayi sindingagone nalo nyumba imodzi." Anavula mphete, inavuta pang'ono pa mfundo ya chala, naiika patebulo. "Tengani. Katundu wanga ababa adzabwera kudzatenga."

Kabuku anatola mphete ija. Sanandiyang'anenso. Anaimirira, napita kukhomo, nagwira chotsekulira. Ndinaona msana wa shati yoyera ija utanyowa ndi thukuta, ndipo sindikudziwa chimene chinandigwira.

"Ima."

Onse anatembenuka.

"Akunama, Kambuzi. Anaika folo. Ndinapopa ndine."

7

Ndinafotokoza zonse, za zipika, za tiyi wabodza, za geji, za kanema. Ndinalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, ndikupepesa. Kambuzi sanalire. Anapempha foni, naonera kanemayo mpaka kumapeto, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Inunso mwandinamiza lero."

"Eya."

"Chifukwa cha awa?"

"Chifukwa cha iwe."

"Tikakambirana kunyumba. Musadzandisankhirenso zoti ndidziwe ndi zoti ndisadziwe."

Ndiye anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo ndikanakondwa akanatero. Koma anafunsa mofatsa, ngati akufunsa za ntchito.

"Pampu ija ndi yamanja, eti?"

"Eya."

"Kuchoka pa folo kufika pa thwelofu, munapopa kangati?"

"Sindinawerenge, mwana wanga. Mwina ka twente."

"Ndiye kuti ka twente konse munali ndi mpata wosiya."

Anatenga ndodo zake. Ndinadzuka kuti ndimuthandize, iye anakweza dzanja kundiletsa. Anatuluka ndi mwamuna wake opanda ngakhale chikwama. Ndinamva kuti masitepe a kwawo anakwera yekha tsiku lomwelo, chokhala pansi, sitepe imodziimodzi.

Papita miyezi isanu ndi inayi. Banja lawo lilipo, mphete inabwerera pachala, ndipo pa chimenecho ndimathokoza. Bondo silipindika mpaka lero, njinga anagulitsa. Kambuzi kwathu sanapondekonso, foni yanga sayankha. Mkamwini wanga akamadutsa pagalaja amaima n'kundipatsa moni mwaulemu, kufunsa za msana, ndipo moni umenewo umandiwawa kuposa mbama. Nkhani inafalikira, makasitomala ena anasamukira kwina. Sindikuwadandaula. Inenso sindikanapereka njinga yanga kwa munthu ngati ine.

Inu makolo amene mukuwerenga, makamaka inu amene munalera mwana nokha, ndimvereni. Lidzafika tsiku limene mwana wanu adzapatsa wina ntchito imene inali yanu, ndipo winayo adzaigwira bwino kuposa inu. Zimawawa, musanamizidwe. Pitani mukamuuze mwanayo kuti zikukuwawani. Ine ndikanangotsekula pakamwa n'kunena kuti, "Kambuzi, ndikudzimva wotayidwa," bwenzi ataseka n'kundipatsa tcheni kuti nditsuke, ndipo bwenzi lero akuyenda bwinobwino. Ndinaona ngati kunena zimenezo n'kochititsa manyazi. Manyazi enieni ndinali ndisanawadziwe.

Mwezi watha kunabwera njinga ya mtundu womwewo kudzakonzetsa mabuleki. Mwini wake atachoka, ndinatseka chitseko, ndinachotsa mpweya kumbuyo mpaka pa folo, n'kutenga pampu ija. Ndinapopa ndikuwerenga mpaka geji inafika pa thwelofu. Sikanali ka twente. Kanali ka sate-wani. Ngakhale pa tsiku louluralo, mwana wanga ndinamuuza zochepa.